Maliro a m'Komboni: Musabwerere Kumudzi Opanda Cikalata

Mbale akamwalira ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George, anthu a kumudzi amakwera basi, kulira maliro, kuika mtembo ku Chingwere, ndi kubwerera. Ambiri amaiwala cikalata ca imfa. Mavuto amayamba pamene mkazi wamasiye apita ku NAPSA kapena ku banki, namuuza kuti misozi si umboni.

Lamulo la 1973 likuti imfa iriyonse m'Zambia ilembedwe. Womwalira m'cipatala, dokotala amalemba cimene camupha. Womwalira m'nyumba, abale ayambe ku polisi, ndipo mtembo upite ku cipatala, monga UTH. Khonsolo ya Lusaka imapereka cilolezo coika maliro. Koma cilolezoci si cikalata ca imfa ai, ngakhale ambiri amacisunga m'sutikesi zaka ndi zaka. Cikalata ceniceni cimacokera ku ofesi ya National Registration, ndipo wopita kumeneko atenge mapepala onsewa pamodzi ndi registi ya malemuyo.

Cikalataci cimathandizanso ku khoti posankha woyang'anira cuma. Lamulo la 1989 limapatsa ana magawo 50 pa 100, wamasiye 20, makolo 20, odalira malemuyo 10. Amalume adziwe zimenezi asananyamule mipando.

Za makolo akale n'zobvuta, pakuti atsamunda sanakakamize anthu akuda kulembetsa imfa. Wofunafuna ayese mabuku a machalichi, kapena National Archives ku Ridgeway, kumene kuli nyuzipepala zakale monga Mutende, imene inayamba mu 1936.