Kuthamanga sikufika: mkangano wa zithunzi 24 ndi 48 m'makanema

Ndiloleni ndichezeko ndi anzanga okonda makanema pa nkhani yomwe yagawanitsa akatswiri opanga mafilimu kwa zaka zoposa khumi tsopano. Funso lake ndi lalifupi: kodi pa sekondi imodzi, woonera aziona zithunzi zingati? Likumveka ngati funso la amisiri okhaokha, koma ladyetsa ndalama zambiri eni maholo oonetsera kanema, lagwetsa mafilimu a anthu otchuka, ndipo lafika mpaka pa TV yomwe ili pabalaza panu komanso pafoni yomwe ili m'thumba mwanu.

Tiyambire pamaziko. Kanema ndi mndandanda wa zithunzi zoima zomwe zimasinthana mofulumira mpaka ubongo n'kuzilumikiza ngati chinthu chimodzi choyenda. Ana asukulu amachidziwa chinsinsi chimenechi. Amajambula kamunthu pangodya ya tsamba lililonse la kope, ndipo akamatsegula masambawo mofulumira ndi chala, kamunthu kaja kamayamba kuthamanga.

M'masiku a mafilimu opanda mawu, wojambula ankapukusa kamera ndi dzanja ndipo liwiro linkasiyanasiyana, nthawi zambiri zithunzi 16 kapena kuposerapo pa sekondi. Mawu atabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, padafunika liwiro limodzi lokhazikika, chifukwa liwiro likasintha mawu amapotoka. Makampani a ku Hollywood adakhazikika pa 24. Nambalayi idali yokwanira kuti mawu amveke bwino, komanso yosadya lamba wambiri wa filimu. Pa liwiro limeneli, lamba wa 35mm amatha mamita 27 pa mphindi iliyonse, kutanthauza kuti filimu ya maola awiri ndi lamba wotalika makilomita oposa atatu. Kuwirikiza zithunzi kukadakhala kuwirikizanso ndalama zogulira, zotsukira ndi zonyamulira lambayo.

Liwiro la 24 lili ndi zilema zake. Kamera ikatembenuka mofulumira, chithunzi chimadumphadumpha. Chinthu chothamanga chimaoneka mwachimbuuzi. Mwina mudaonapo mateyala a galimoto m'filimu akuoneka ngati akuzungulira chobwerera m'mbuyo pomwe galimotoyo ikupita kutsogolo. Gwero lake ndi kuchepa kwa zithunzi komweku. Makina akale oonetsera kanema ankachita kuwalitsa chithunzi chilichonse kawiri kuti chinsalu chisamaphethirephethire.

N'chifukwa chake ofuna kusintha sadayambe lero. Filimu ya Oklahoma! ya mu 1955 idajambulidwa pa zithunzi 30. Kenaka Douglas Trumbull, mmodzi mwa akatswiri omwe adakonza zithunzi zodabwitsa za mu 2001: A Space Odyssey, adapanga njira yotchedwa Showscan, ya zithunzi 60 pa lamba wamkulu wa 70mm. Ankafuna kuigwiritsa ntchito m'filimu yake ya Brainstorm ya mu 1983, koma sizidatheke, ndipo Showscan idakathera m'malo achisangalalo oonetsa timafilimu tatifupi. Chopinga chidali chodziwikiratu: eni maholo sakadagula makina atsopano chifukwa cha filimu imodzi.

Zinthu zidasintha pomwe lamba adalowedwa m'malo ndi makina a digito. Filimu idayamba kufika kuholo ili m'kabokosi konyamulika m'dzanja limodzi. Makampani opanga mafilimu, poona ndalama zomwe akupulumutsa, adavomera kulipirako gawo la mtengo wa mapulojekita atsopano. Avatar ya James Cameron itatuluka mu 2009 m'njira ya 3D, yomwe anthu amaonera atavala magalasi apadera, maholo ambiri adathamangira kugula makinawo. Pamenepa chopinga chakale chidaoneka ngati chachoka, pakuti zithunzi zoonjezera sizidalinso mamita a lamba. Mu 2011, Cameron adaima pamsonkhano wa eni maholo wa CinemaCon ku Las Vegas n'kuwaonetsa kusiyana kwa 24, 48 ndi 60. Mfundo yake idali yakuti kudumphadumpha kwa 24 kumapweteka maso kwambiri mu 3D.

Woyamba kulimba mtima adali Peter Jackson wa ku New Zealand, yemwe adajambula The Hobbit: An Unexpected Journey pa zithunzi 48 n'kuitulutsa mu Disembala 2012. Apa mpomwe eni maholo adazindikira kuti makina omwe adangogula kumene sadali okwanira. Mapulojekita oyambirira a digito sakadatha kuonetsa 3D pa liwiro limeneli. Atsopanoko amafunika mapulogalamu ena komanso kachipangizo kotanthauzira filimu koikidwa m'kati mwa pulojekita momwemo, chifukwa mawaya akale olumikiza kompyuta yosunga filimu ndi pulojekita sankatha kudutsitsa zithunzi zochuluka chotero. Ku North America, maholo pafupifupi 450 okha ndiwo adaonetsa filimuyi pa 48, ena onse adaonetsa pa 24.

Filimuyo idapanga ndalama zoposa madola biliyoni imodzi, koma njira yatsopanoyo idalandiridwa ndi madandaulo. Kuyambira mu Epulo chaka chomwecho, pomwe mphindi khumi za filimuyi zidaonetsedwa ku CinemaCon, ambiri adati ikuoneka ngati sewero la pa TV. Ndevu zomata zidaoneka kuti n'zomata. Mapanga ndi nyumba zomangidwa mu situdiyo zidaoneka kuti n'zomanga. Ena adati anthu akuoneka ngati akuyenda mothamangitsidwa. Pa gawo lachiwiri la filimuyi mu 2013, Jackson adachita kufewetsa chithunzi dala kuti chisakhale chakuthwa kwambiri.

Apa mpomwe pali mtima wa nkhani, malinga ndi momwe ine ndikuonera. Kwa zaka pafupifupi 100, maso athu aphunzira zinenero ziwiri. Chithunzi chofewa cha 24 chimatiuza kuti tikumvera nthano. Chithunzi chosalala, chosintha ka 50 kapena ka 60 pa sekondi monga cha TV, chimatiuza kuti izi zikuchitikadi, monga mpira, nkhani kapena msonkhano wa ndale. Mukaonetsa nthano m'chinenero cha nkhani, ubongo umakhulupirira zomwe ukuona, ndipo zomwe ukuonazo ndi munthu wovala mphuno ya labala ataima patsogolo pa khoma lopenta. Kachimbuuzi komwe amisiri ankakaona ngati chilema kankagwira ntchito yomwe mdima wa madzulo umagwira pa nthano za agogo. Nthano yomweyo ikanenedwa masana dzuwa lili paliwombo sikoma chimodzimodzi.

Ang Lee, wa ku Taiwan, yemwe adapatapo mphoto ya Oscar kawiri ngati wotsogolera filimu, adaganiza kuti vuto lidali lakuti 48 idachepa. Mu 2016 adatulutsa Billy Lynn's Long Halftime Walk, nkhani ya msilikali wachinyamata wobwera kunkhondo ya ku Iraq, yojambulidwa pa zithunzi 120, mu 4K ndi 3D. Tiwerengere limodzi. Zithunzi n'zochuluka kasanu kuposa 24, chithunzi cha 4K chili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa cha 2K, ndipo 3D imafuna chithunzi cha diso lililonse. Kasanu, kanayi, kawiri: katundu wake ndi wolemera ka 40 kuposa filimu wamba. Ochita sewero sadadzole zophodaphoda chifukwa kamera ikadaziulula. Maholo omwe adatha kuonetsa filimuyi momwe mwini wake ankafunira adali owerengeka pa dziko lonse, m'mizinda ya New York, Los Angeles, Beijing, Shanghai ndi Taipei. Lee adayesanso mu 2019 ndi Gemini Man, momwe Will Smith akulimbana ndi mnzake wofanana naye koma wachinyamata. Ku America, pafupifupi maholo onse sadathe kuonetsa filimuyi ndi 120, 4K ndi 3D pamodzi. Mafilimu onse awiri adaluza ndalama.

Cameron, yemwe adayambitsa phokosoli, adabwera mochedwa koma ataphunzira pa anzake. Mu Avatar: The Way of Water ya mu Disembala 2022, adagwiritsa ntchito 48 m'malo osankhidwa, makamaka pansi pa madzi ndi powuluka, pomwe mayendedwe ndi ambiri. Anthu akakhala pansi kukambirana, chithunzi chimabwerera ku maonekedwe a 24. Kuti pulojekita isamasinthesinthe liwiro, filimu yonse imayenda pa 48, koma m'magawo odekhawo chithunzi chilichonse chimaonetsedwa kawiri. Filimuyi idapanga madola oposa mabiliyoni awiri. Komabe makina sadalephere kuvuta: ku Japan maholo ena adakumana ndi zovuta, mpaka ena adabwerera ku 24. Ndipo oonera ena adadandaula kuti kusinthasintha kwa maonekedwe kumawasokoneza.

Ndikaphatikiza zonsezi, ndikuona maphunziro awiri. Loyamba n'lakuti luso latsopano m'kanema limakhazikika pokhapokha wina akavomera kulipira. Kusamukira ku digito kudatheka chifukwa makampani a mafilimu ankapulumutsapo ndalama ndipo adathandiza kulipira. Zithunzi zochuluka sizipulumutsa kalikonse. Zimaonjezera ntchito kwa okonza zithunzi za pakompyuta, zimafuna malo ambiri osungira, ndipo mwini holo amagula makina omwe angagwire ntchito yake yeniyeni pa filimu imodzi m'zaka zingapo. Lero maholo ambiri akusintha mababu a xenon kuika kuwala kwa laser, ndipo chowakopa chachikulu ndi chithunzi chowala komanso kuleka kugula mababu pafupipafupi. Kutha kuonetsa zithunzi zochuluka kumangobwera ngati basera.

Phunziro lachiwiri n'lakuti kuoneka bwino kwa chithunzi kuli ndi malo ake. Pa mpira, pa mafilimu a nyama zakutchire ndi pa masewera a pakompyuta, zithunzi zochuluka n'zabwino kwambiri, pakuti tikufuna kuona chilichonse monga chilili. Pa nthano, wotsogolera filimu ayenera kusankha chomwe akufuna tione ndi chomwe akufuna kubisa. Sindikuti 24 ndi lamulo losasinthika. Ana omwe akukula ndi masewera a pakompyuta a zithunzi 60 mwina adzakhala ndi maso osiyana ndi athu. Koma kufikira lero, yemwe wapindula ndi amene wagwiritsa ntchito liwiroli ngati mchere, pang'ono pomwe pakufunika.

Nanga ife kuno zikutikhudza bwanji, poti ambiri timaonera mafilimu kunyumba, pafoni kapena m'timaholo ta mavidiyo ta m'misika? Zikutikhudza m'njira ziwiri. Ma TV ambiri amakono amabwera atatcheredwa kale kuti azipeka okha zithunzi zoonjezera pakati pa zithunzi zenizeni. Samsung amaitcha njirayi Auto Motion Plus, LG amati TruMotion, pomwe Sony amati Motionflow. Pa mpira imathandiza, koma pa filimu imabweretsa maonekedwe a sewero la pa TV omwe anthu adadandaula nawo pa The Hobbit. Mu 2018, Tom Cruise ndi Christopher McQuarrie adachita kujambula uthenga wapadera wopempha anthu kuti azizimitsa njirayi poonera mafilimu. Ngati filimu ikuoneka yachilendo pa TV yanu yatsopano, fufuzani pamenepo, kapena sankhani Filmmaker Mode ngati ilipo.

Njira yachiwiri ikukhudza achinyamata athu omwe akujambula nyimbo, maukwati ndi zisudzo pogwiritsa ntchito mafoni ndi makamera ang'onoang'ono. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa zithunzi 30 kapena 60, zomwe zimagwirizana ndi magetsi a ku America omwe amasinthasintha ka 60 pa sekondi. Magetsi a kuno amasinthasintha ka 50. N'chifukwa chake kanema wojambulidwa m'holo ya ukwati pansi pa mababu ena amatuluka akuphethira kapena ali ndi mizere yoyenda. Kutchera kamera pa 25 kapena 50, ngati ikulola, kumachepetsa vutoli. Ndipo pa sewero, musathamangire nambala yaikulu poganiza kuti ndiyo yapamwamba. Jambulani pa 24 kapena 25, ndipo 50 kapena kuposerapo muisungire gule, mpira ndi zomwe mukufuna kudzazionetsa pang'onopang'ono, monga mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Zomwe Jackson ndi Lee adaphunzira ataononga mamiliyoni a madola, inu mutha kuziyesa madzulo amodzi: jambulani mnzanu akuyenda, kamodzi pa nambala yaing'ono ndi kamodzi pa yaikulu, kenaka muone nokha kuti ndi iti yomwe ikuoneka ngati filimu.