PIKAPU YAKALE IKAMANYAMUKA MOLEFUKA

M'maboma ambiri a dziko lino, pikapu ndiyo imafikitsa chimanga, mtedza, nsomba ndi odwala kumene akufunika. Zambiri mwa galimoto zimenezi ndi zakale, monga Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968, ndi Nissan 1400, imene inapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Vuto limene eni ake amadandaula nalo kaŵirikaŵiri ndi lakuti galimoto ikaima, imanyamuka molefuka ngakhale dalaivala aponde moto. Vutoli nloopsa, pakuti pikapu yodzaza katundu ikazengereza poloŵa mumsewu waukulu monga wa M1, lole yobwera mothamanga ingathe kuiomba.

Anthu ambiri amathamangira kugula zipangizo zatsopano asanadziŵe chimene chavuta, ndipo ndalama zimatha vuto likadalipo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Dalaivala ayenera kuyamba wamvetsera kulira kwa injini pa nthaŵi imene galimoto ikunyamuka, chifukwa kulirako kumaloza kumene kuli vuto. Zizindikiro zake zilipo zitatu.

Choyamba ndi ichi: injini ikulira mokweza, koma galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo mwina pakumveka fungo la chinthu chopsa. Apa injini ilibe mlandu. Mphamvu ilipo, koma siikufika kumatayala chifukwa kalachi yatha ndipo ikuterereka. Kuyesa kwake nkosavuta. Pamalo athyathyathya, popanda munthu kutsogolo, dalaivala akoke handibuleki, aloŵetse giya yachitatu, aponde moto pang'ono, kenaka asiye kalachi mosafulumira. Kalachi yabwino imazimitsa injini pomwepo. Injini ikapitiriza kulira, kalachi yatha. Kuyesaku kuchitike kamodzi kokha, pakuti kumatentha kalachi. Chizoloŵezi chosiya phazi pa kalachi poyenda, ndiponso choimika galimoto pachitunda ndi kalachi m'malo mwa mabuleki, ndicho chimaitha msanga.

Chachiŵiri: injini ikulira molemedwa ngati ng'ombe yokoka ngolo mumchenga. Apa pali chinthu chimene chikugwira galimoto. Mwini wake ayambe waŵerenga katundu. Pikapu ya tani imodzi imanyamula matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera pamwamba pa matumbawo nawonso ndi katundu. Kenaka aone mpweya wa m'matayala. Zonsezi zikakhala bwino, aganizire mabuleki. Galimoto yopanda katundu, ili pamalo athyathyathya ndiponso yochotsedwa giya, iyenera kusuntha anthu aŵiri akaikankha. Ikakana, mabuleki akugwira. Atayenda makilomita oŵerengeka, dalaivala ayandikize dzanja ku gudumu lililonse mosaligwira. Limene latentha kuposa anzake ndilo lili ndi vuto. Nthaŵi zambiri chingwe cha handibuleki chimachita dzimbiri m'nyengo ya dzinja, ndipo sichibwerera bwino.

Chachitatu ndicho chimasokoneza ambiri: dalaivala akaponda moto, injini imatsamwa kapena kufuna kuzima, kenaka nkudzidzimuka. Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: mpweya, mafuta, ndi moto wa mapulagi wofika pa nthaŵi yake. Kufufuza kuyambire pa chinthu chotsika mtengo.

Sefa ya mpweya ndiyo yoyamba. M'misewu yafumbi imatsekeka msanga, makamaka m'chilimwe, ndipo injini imabanika, imamwa petulo wambiri ndi kutulutsa utsi wakuda. Sefa yapepala ikayang'anitsidwa kudzuŵa ndipo kuŵala sikukupyola, isinthidwe.

Pambuyo pake pabwere mafuta. Pikapu zakale za petulo zili ndi kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Dalaivala akaponda moto mwadzidzidzi, mpweya umaloŵa mwaliŵiro chifukwa ngwopepuka, pamene petulo, pokhala wolemerapo, amatsalira. Pofuna kutseka mpata umenewu, m'kabuleta muli kapampu kamene kamathira petulo woonjezera nthaŵi yomweyo. Labala wa kapampuka akauma, kapena kabowo kake kakatsekeka ndi litsiro, injini imatsamwa ponyamuka ngakhale imayenda bwino ikakhala paliŵiro. Injini itazimitsidwa ndi kuzizira, popanda fodya kapena moto pafupi, munthu achotse chivundikiro cha sefa, asuzumire m'kamwa mwa kabuleta pamene mnzake akuponda moto. Payenera kuoneka kamtsinje ka petulo kolunjika bwino. Pakangodontha madontho, kapena pasaoneke kanthu, vuto lapezeka, ndipo kukonza kwake sikufuna kabuleta yatsopano. Sefa ya petulo nayonso ionedwe, makamaka ngati mafuta amagulidwa m'zigubu, mmene mumakhala madzi ndi mchenga. Sefa imeneyi ikatsekeka, galimoto imafookanso kwambiri pachitunda.

Tsopano moto. Mapulagi amasulidwe ndi kuyang'anidwa. Pulagi ya injini yabwino imakhala yofiirira. Yakuda ndi mwaye imasonyeza petulo wochuluka, ndipo yonyowa ndi oilo imasonyeza kuti injini yatha m'kati. Pa galimoto zokhala ndi mapointi mu distributor, mapointiwo amatha pang'onopang'ono, ndipo moto umayamba kufika mochedwa. Injini yotere imanyamuka mwaulesi ndiponso imatentha. Kukonza taimingi ndi ntchito ya makaniko wokhala ndi nyali yoyezera, chifukwa moto ukafulumira kwambiri umaononga mapisitoni. Timapaipi ta labala tozungulira kabuleta ndi distributor tionedwenso, pakuti kamodzi kakang'ambika, injini imayamwa mpweya wosafunika.

Pikapu ya dizilo ilibe kabuleta kapena mapointi. Ikafooka ponyamuka, kalachi ndi mabuleki zili bwino, mwini wake ayambe ndi sefa ya mpweya ndi ya dizilo, achotse madzi ndi mpweya m'mapaipi a mafuta, asanaganizire zokayesetsa ma injector ndi pampu.

Palinso kufooka kumene sikuli matenda. Kumalo okwera mpweya umachepa, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi magawo 3 mwa 100 pa mamita 300 alionse. Motero pikapu yonyamuka mwamphamvu ku Salima, m'mbali mwa nyanja, imamveka yolefukako ikafika ku Dedza, kumene nkokwera kuposa ku Salima ndi mamita oposa 1,000.

Zonsezi zikayesedwa ndipo galimoto ikadali yofooka, makamaka ngati ikutulutsa utsi wobiriŵira ndi kumwa oilo, makaniko ayeze mphamvu ya kupanikiza kwa mpweya m'silinda iliyonse. Kuyeza kumeneku ndiko kumasonyeza ngati maringi kapena mavavu atha, ndipo mwini galimoto asalole kuti injini iphwasulidwe kusanachitike.

Popita kugalaja, dalaivala afotokoze bwinobwino zimene waona: ngati vuto limabwera m'maŵa injini ili yozizira kapena itatentha, ngati limachitika ndi katundu pokha, mtundu wa utsi, ndi mmene injini imalirira. Mau ameneŵa amafupikitsa ntchito ya makaniko ndi kuchepetsa ndalama zolipira. Ndipo kufikira galimoto itakonzedwa, dalaivala aziyembekeza mpata waukulu asanaloŵe mumsewu, chifukwa miyoyo ya amene wanyamula ili m'manja mwake.