MASIPIKA A LIPENGA M'NYUMBA ZATHU: KODI MAKUTU ANGAPIRIRE?

Mwezi watha mayi wina anafika ku cipatala kumene ndigwira nchito ali ndi amuna ake. Odwala anali bambowo, koma wolankhula anali mayi. "A dokotala, atate ake a anawa ayamba mwano. Ndikawaitana sayankha. Ndikawauza za ndalama ya lendi akuti sanamve."

Bamboyo, kalipentala wa zaka za m'ma 30, anakana. Anati amamva ndithu, koma anthu akaculuka mau amasokonezeka, ndipo usiku m'makutu mumalira ngati muli nyenje. Ndinaunika makutu onse awiri. Munalibe mafinya, munalibe phula lotseka, ndipo kang'oma ka m'khutu kanali kabwino. Nditafunsa za kunyumba m'pamene nkhani inaoneka. Bamboyo anagula zipangizo ku Kamwala nakhoma yekha mabokosi awiri a masipika ofika m'cifuwa, lililonse lili ndi lipenga pamwamba. Amawaliza pa Ciweru ndi pa Sondo, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mkati mwa mlungu amakhala pa makina opala matabwa. Makutu ake alibe tsiku lopuma. Cimene cinandiopsa kwambiri n'cakuti khanda lao la miyezi 8 limagonekedwa pa mphasa patsogolo pa mabokosiwo.

Masipika otere aculuka mu Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Ena ndi okhoma, ena ndi ogula m'sitolo, ena ndi aja okhala ndi batire ndi mawilo amene anthu ambiri anawakonda magetsi atabvuta mu 2024. Ine ndemwe ndimakonda nyimbo, ndipo kalindula ikamveka bwino sindikhala phee. Motero sindifuna kuti wina ataye sipika yake. Ndifuna tidziwe cimene lipenga limacita.

NCHITO YA LIPENGA

Mukafuna kuitana mwana ali patali mumaika manja pakamwa. Mau sakhala atasintha, koma amafika kutali. Lipenga la sipika limacita zimenezo. Kumbuyo kwake kuli kacipangizo kakang'ono kamene kamanjenjemera. Kamakankha mphepo pa khosi lopapatiza, ndipo khosilo limakula pang'onopang'ono mpaka kukamwa. Mwa njira imeneyi mphamvu yocepa imagwedeza mphepo yambiri, ndipo mau samwazika konsekonse koma amalunjika kutsogolo.

Nzeruyi si yatsopano. Galamafoni ya agogo athu inalibe magetsi, koma inamveka bwalo lonse cifukwa ca lipenga. Galimoto zolengeza za kolera zimene zinazungulira mu Kanyama mu 2017 ndi 2018 zinali ndi malipenga pa denga. Wogulitsa mankhwala a makoswe pa Soweto Market alinso nalo m'manja. Onsewa afuna cinthu cimodzi: kuti munthu ali kutali amve.

Sipika wamba amataya magetsi ambiri. Pa magawo 100 a mphamvu imene walandira, gawo limodzi lokha kapena kuceperapo ndilo limasanduka mau, yotsalayo imasanduka kutentha. Lipenga lopangidwa bwino limasandutsa magawo 10 kapena kupitirira. Mu 1946 katswiri wina wa ku America, Paul Klipsch, anayamba kupanga sipika yaikulu ya lipenga yomvetsera nyimbo m'nyumba, yochedwa Klipschorn, ndipo ipangidwabe mpaka lero. Ikapatsidwa wati imodzi yokha imatulutsa mau ofika pafupifupi madesibelo 105 kwa munthu woima mita imodzi patsogolo pake. Sipika wamba pa wati imodzi imatulutsa pafupifupi 88. Kuti ifike pa 105 ifunika mawati 50.

Masipika a m'makomboni athu sali a mtengo wotero, ndipo ambiri ali ndi lipenga la mau ang'onoang'ono okha pamwamba, pansi pali sipika yaikulu ya mau ogunda. Koma ambiri a iwo anapangidwira holo, chalichi kapena bwalo la ukwati. Cotero munthu amene anena kuti "ampulifaya yanga ndi yaing'ono, singabvulaze" adzinamiza. Nambala ya mawati yolembedwa pa katoni siuza munthu zimene zifika m'khutu.

Onjezani nyumba zathu. Panja, mukatalikira kuwirikiza kawiri, congo cimatsika ndi madesibelo 6. Koma m'cipinda ca mabuloko, ca simenti pansi ndi malata pamwamba, mau amagunda cipupa n'kubwerera. Mulibe kothawira. Lipenga limene linayenera kufikira anthu 200 pa bwalo likhuthulira zonse pa anthu asanu okhala pa mpando umodzi.

MUYESO WA CONGO

Kukula kwa mau amakuyesa ndi madesibelo. Kunong'ona ndi pafupifupi 30. Kuceza kwa anthu awiri ndi 60. Mseu wodzaza maminibasi ufika 80 kapena 85. M'cigayo mumapitirira 90 kawirikawiri.

Manambalawa amanyenga, pakuti sakwera ngati ndalama. Kuonjezera madesibelo atatu okha ndiko kuwirikiza kawiri mphamvu yogunda khutu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linena kuti munthu wamkulu angamvetsere madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu popanda ngozi. Pa 90, nthawi itsika kufika pa maola anai pa mlungu. Pa 100 zitsala mphindi pafupifupi 20 pa mlungu wonse. Kwa ana muyeso ndi wotsikirapo: madesibelo 75. Mu 2022 bungwe lomweli linaika malire akuti ngakhale m'malo obvinira congo cisapitirire 100. Tsono ganizani za cipinda cocezera cimene cifika pomwepo Sondo lonse.

CIMENE CIMAONONGEKA M'KATI

Anthu ambiri amaganiza kuti congo cimaboola kang'oma ka m'khutu. Zimenezo zimacitika ndi kuphulika kwakukulu kapena mbama, ndipo kawirikawiri kang'omako kamapola. Ngozi ya nyimbo ili m'kati kwambiri, kumene ngakhale ine sindingaone ndi counikira.

Kuseri kwa kang'oma kuli timafupa titatu, ndipo kuseri kwa timafupato kuli kacigoba kopindika ngati nkhono, kakukulu ngati njere ya nandolo. M'kati mwake muli madzi ndi timaselo tokhala ndi ubweya, pafupifupi 16,000 m'khutu lililonse. Mau akafika timaubweyato timawerama, ndipo mtsempha umatenga uthenga kupita ku ubongo. Congo cacikulu cimatiweramitsa mopitirira, monga momwe mapazi amapondera kapinga. Mukaponda kamodzi kapinga amadzuka. Mukadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku pamakhala njira, ndipo sipameranso kanthu.

Ndiye cifukwa cake mukacoka ku kicheni pate makutu amakhala ngati atsekedwa ndi thonje ndipo amalira. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri mumamvanso bwino, n'kumati palibe cacitika. Koma timaselo tina timakhala titabvulala. Tikafa sitimeranso. Munthu amabadwa nato tonse ndipo sapatsidwa tina. Palibe jekeseni, palibe mankhwala odontheza, palibe muzu umene ungatibweze.

Coipa cina n'cakuti ugonthi umenewu supweteka. Ndiponso suyamba ndi mau onse. Timaselo toyamba kufa ndi tija timamva mau ang'onoang'ono okwera, omwewo amene lipenga la pamwamba limatulutsa mwamphamvu. M'cinenero cathu amenewa ndi malembo monga s, f, ts ndi th. Taganizani: munthu amene samva bwino s amamva "afuna" pamene mwati "safuna", amamva "abwera" pamene mwati "sabwera". Mau amawamva, tanthauzo limamuthawa. Apa ndi pamene mikangano ya m'banja imayambira, monga ya kalipentala uja. Kwa mwana wa sukulu, aphunzitsi amati ndi wosamvera kapena wogona mutu, pamene mwanayo sakumva theka la zimene zinenedwa kutsogolo.

Lipoti la bungwe lija la mu 2021 linati anthu oposa 1.5 biliyoni pa dziko lapansi ali ndi bvuto la kumva, lalikulu kapena laling'ono. Linacenjezanso kuti acinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa ngozi kaamba ka kamvetseredwe kao ka nyimbo.

AMENE AYENERA KUSAMALA KOPOSA

Oyamba ndi makanda ndi ana ang'ono. Khanda silingathe kucoka pamalo, silinganene kuti m'makutu mulira. Amayi ena amati, "Koma amagona bwino ngakhale nyimbo zikulira." Kugona sikutseka khutu. Maso ali ndi zikope, makutu alibe. Mwana wongoyamba kuyenda amakonda kugwira bokosi kuti amve kunjenjemera, ndipo mutu wake umakhala pafupi ndi kamwa la sipika. Mwana amaphunzira kulankhula mwa kumva, cotero khutu likaonongeka msanga, lilime nalo limacedwa.

Aciwiri ndi anthu amene analandirapo mankhwala olemetsa khutu. Amene munamwapo kwinini mukumbukira momwe makutu analirira. Majekeseni a streptomycin ndi kanamycin, amene kale anali kuperekedwa kwa odwala TB ena, ndiponso gentamicin, angathe kufooketsa timaselo tomwe tija. Khutu lotere likakumana ndi congo limaonongeka msanga. Sindikunena kuti mukane mankhwala a ku cipatala, iai. Ndikunena kuti muuze wokuonani ngati makutu ayamba kulira.

Acitatu ndi a nchito za congo: a m'cigayo, owocherera ndi kudula zitsulo, oumba mabuloko ndi makina, makondakitala ndi oliza nyimbo pa maphwando. Khutu silisiyanitsa congo ca ku nchito ndi ca cisangalalo. Limawerengera zonse pamodzi.

Tisaiwale a pafupi. Pa mdadada wa nyumba za lendi cipupa ndi cimodzi. Mau ogunda amadutsa buloko ngati palibe. Kuseriko kuli mlonda amene agwira usiku, mwana wa Giredi 12 amene awerenga, agogo a BP. Kusowa tulo kwa masiku ambiri kumakweza BP ndi kufooketsa thupi. Lamulo la zacilengedwe la mu 2011, limene bungwe la ZEMA liyang'anira, limawerengera congo pa gulu la zoononga, ndipo munthu angadandaule ku khonsolo kapena ku polisi. Koma ambiri tidziwa kuti kukambirana ndi mwini sipika masana, asanamweko, kumathandiza msanga kuposa kugogoda pa citseko pakati pa usiku.

ZOYENERA KUCITA

Muyeso wosafuna ndalama ndi uwu. Imani pafupi ndi mnzanu, motalikirana dzanja limodzi. Ngati mufunika kukweza mau kuti amve, congo cafika pa 85 kapena kupitirira. Cepetsani mpaka muceze bwinobwino. Amene ali ndi foni yamakono angaikemo pulogalamu yoyesa madesibelo. Siyesa ndendende, koma imaonetsa pamene zinthu zafika.

Ubwino weniweni wa lipenga ndi wakuti limamveka bwino ngakhale pansi. Gitala ndi mau a woimba zimamveka mosiyanitsika popanda kukweza. Mukamva sipika iyamba kusasa mau kapena kuthetheka, dziwani kuti mwapitiriza, ndipo kusasako kumabvulaza khutu ndi sipika yomwe.

Lipenga lisalunjike pa mpando, pa bedi kapena pa mphasa ya mwana. Makatani okhuthala, kapeti ndi mipando ya nsalu zimamwa mau obwerera. Pa tsiku la cilanga mulilo kapena matebeto tulutsani mabokosi panja, ndipo amayi obereka ana asakhale kutsogolo kwake. Pakapita ola limodzi zimitsani kwa mphindi zingapo. Oliza nyimbo ndi a m'cigayo agule zotsekera m'makutu za siponji zimene zipezeka m'masitolo a zipangizo za nchito ndi m'mafamase ena. Thonje silithandiza kwenikweni.

Makutu akalira, musathiremo mafuta ophikira, madzi a masamba kapena mafuta a galimoto, ndipo musatokose ndi macesi kapena nthenga. Taonapo makutu abwino ataonongeka ndi zimenezi.

Pitani ku kiliniki ngati kulira kwapitirira masiku awiri, ngati mumapempha anthu kubwereza mau kawirikawiri, ngati a m'nyumba adandaula kuti mumakweza wailesi, kapena ngati mwana wa caka cimodzi satembenuka mukamuitana kumbuyo. Khutu limodzi likagontha mwadzidzidzi, pitani tsiku lomwelo, pakuti pa bvuto limenelo mankhwala amathandiza m'masiku oyamba okha. Yambani pa kiliniki ya kwanu kapena pa zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama. Ngati pafunika kuyesa kumva ndi makina adzakulemberani kalata yopita ku UTH kapena ku Beit CURE, kumene kuli a zamakutu.

Kalipentala uja tinamutumiza kukayesedwa, ndipo pepala linaonetsa kuti mau okwera anatsika m'makutu onse awiri. Zimene zinapita sizidzabwera, koma zotsala ndi zambiri ndipo zingasungike. Mabokosi akali nawo, koma tsopano ayang'ana ku cipupa ca kukhomo, ndipo mayi ndiwo agwira rimoti. Khanda lidzapita kukayesedwa mwezi wa mawa.