Kayesedwe ka makhadi a ngwazi za m'nthano opangidwa ndi ana

Njira imodzi yobwerezera nthano m'kalasi ya zilankhulo ziwiri ndi kuuza ana kuti apange makhadi a masewera. Mwana amasankha ngwazi ya m'nthano, amaijambula pa kachidutswa ka katoni, kenako amalemba manambala osonyeza mphamvu, nzeru, liwiro ndi kupirira kwake. Posewera, ana awiri amatchula mbali imodzi, mwachitsanzo nzeru, ndipo khadi la nambala yaikulu limadya linzake. Vuto limabwera poyesa ntchitoyi, chifukwa maso amathamangira khadi lojambulidwa bwino. Koma chimene tikufuna kudziwa ndi chakuti mwanayo anamvetsa nthano kapena ayi. Mafunso atatu angatithandize.

Loyamba: kodi manambala akuchokera m'nthano? Mwana amene wapatsa Kalulu 9 pa nzeru ndi 2 pa mphamvu wamvetsa nkhani. Amene wamupatsa 10 paliponse wangoonetsa kuti amamukonda. Ngwazi iliyonse ili ndi pofooka pake. Kalulu anakana kukumba nawo chitsime, napusitsa alonda onse, koma anakodwa ndi Kamba, nyama yoyenda pang'onopang'ono. M'nthano za Agiriki, Achilles ankaposa asilikali onse, koma anafa atalasidwa muvi pachidendene. Mufunseni mwana kuti, "Nambala iyi waitenga pati m'nkhani?" Yankho lake ndi limene muyenera kuyesa.

Lachiwiri: kodi khadi lingagonje? Khadi lopambana nthawi zonse limapha masewera, ndipo ana ena amataya mtima msanga. Patsani khadi lililonse mapointi 20 oti agawidwe pa mbali zinayi zija. Mwana akafuna kukweza mphamvu za Njovu, ayenera kuchotsako pa liwiro. Pamenepo waphunziranso kuphatikiza ndi kuchotsera. Akamaliza, gulu lina lisewere makhadiwo kakhumi. Ngati pali khadi limene silinadyedwepo, libwerere kwa mwini wake kuti alikonze.

Lachitatu: kodi mawu a pakhadi akumveka m'zilankhulo zonse ziwiri? Kutsogolo kulembedwe m'Chinyanja, kumbuyo m'Chipwitikizi. Mwana amene sanapange nawo khadilo aliwerenge yekha ndi kusewera popanda womufotokozera. Akasokonezeka, lamulo silinalembedwe bwino. Apa mpamenenso pamatuluka mikangano yothandiza: Kalulu ndi wochenjera kapena wanzeru? Ndiye kuti ndi "esperto" kapena "sábio"? Asiyeni ana atsutsane, aliyense atchule chimene Kalulu anachita.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Si onse otchulidwa m'nkhani zakale amene angaikidwe pakhadi. Mbona ali ndi kachisi ku Khulubvi, m'boma la Nsanje ku Malawi, kumene anthu amapemphako mvula, ndipo zilombo za gule wamkulu zili ndi mwambo wake. Musanalole mayina otere, funsani akuluakulu a m'mudzi. Chinanso, makolo ena akaona makhadi amaganiza za njuga. Auzeni pa msonkhano kuti palibe ndalama zoseweretsa, ndipo apempheni kuti afotokozere ana nthano madzulo kunyumba. Khadi lochokera m'nthano ya agogo limabweretsa m'kalasi mawu amene buku lilibe, ndipo mawuwo alembedwe pabolodi kuti onse awaphunzire.