Likoma: Dera la Phungu Lozunguliridwa ndi Madzi

Munthu wofuna uphungu ku Likoma sangadalire galimoto lokha pokopa anthu. Dera lake ndi zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, ndipo kuti afike kwa ovota onse ayenera kukwera bwato.

Zilumbazi zili m'nyanja ya Malawi, kufupi ndi gombe la chigawo cha Niassa. Madzi ozizungulira ndi a Mozambique, koma nthaka ndi ya Malawi, chifukwa amishoni a Anglican adakhazikapo likulu lawo m'zaka za m'ma 1880. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene adayamba kumanga mu 1903, chikadalipo.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 m'boma la Likoma, lomwe ndi laling'ono kuposa maboma onse 28. Pa chisankho cha 2019 anthuwa adasankha a Ashems Songwe, phungu mmodzi yekha pakati pa aphungu 193. Mu 2025 mipando ya m'Nyumba ya Malamulo idafika pa 229. Kuti pempho la pachilumba limveke m'khamu lotere, phungu ayenera kupeza anzake omuthira ndemanga, makamaka a m'madera ena a m'mbali mwa nyanja.

Zopempha n'zambiri. Nthaka ya pachilumba ndi yamiyala, choncho chimanga chambiri chimachokera kumtunda, ndipo ndalama yogulira imachokera ku usipa ndi utaka. Zonsezi zimadalira sitima. Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951, ikaima kuti ikonzedwe, ufa umakwera mtengo, nsomba zouma zimasowa msika, ndipo wodwala wotumizidwa ku Mzuzu amavutika kuwoloka. Kwa mlimi wa kumtunda chitukuko ndi msewu; kwa msodzi wa ku Chizumulu ndi doko ndi sitima yodalirika.

Nkhani yosowa wokuyankhulira si yachilendo m'mafamu a ku Ruwa ndi Goromonzi, kumene kuli zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi. Lamulo la unzika la 2001 lidachititsa ambiri a iwo kutaya mwayi wovota ku Zimbabwe. Malamulo aakulu a 2013 adatsegulanso khomo kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo ndi la m'dziko la SADC, komabe wopanda chiphaso sangalembetse m'kaundula wa ovota.

Msodzi wa ku Likoma ali ndi phungu mmodzi womufunsa za sitima. Wantchito wa pafamu amene dzina lake mulibe m'kaundula alibe womufunsa za mjigo, sukulu kapena chipatala.