Anabwerera ku Chembe kukafuna maina awo pa mlambe

Tsiku la Anakubala likamayandikira, misewu yopita kunyanja imadzaza. Mabasi a magulu a kutchalitchi, maminibasi a amayi a banki m'khonde, magalimoto a mabanja, onse kulowera ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Ambiri akangofika amathamangira kumchenga, nyimbo zili pamwamba, nsomba zili pamoto. Koma alipo ena, makamaka opuma pantchito, amene amapatuka n'kukasuzumira mabwinja ndi malo amene ankayendako ali achinyamata.

Banja lina lotere tinalipeza ku Cape Maclear. Bambowo ndi mphunzitsi wopuma, wamtali, imvi mbuu, woyenda ndi ndodo imene kwenikweni amalozera zinthu. Mayiwo anali atakulunga chithunzi chakale m'kapepala ka pulasitiki n'kuchimangirira pansonga ya chitenje ngati ndalama ya kuchigayo. Chithunzicho chinafiira kalekale, koma mukhoza kuona mnyamata wa buluku lotambalala kumiyendo ndi mtsikana wa duku, ataimirira patsinde pa mlambe. Anachijambulitsa m'zaka za m'ma 1980, atangokwatirana kumene. Nthawi imeneyo anatsika basi ku Monkey Bay n'kukwera lole ya matola mumsewu wafumbi wodutsa m'mapiri mpaka m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear komweko.

Ulendo uno anayamba aima pa boma la Mangochi, pa nsanja ya wotchi ya mu 1903 ija, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Mayiwo akuti kale anangojambulitsapo osawerenga chilichonse. Tsopano magalasi ali m'maso, anawerenga chikwangwani chokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946, n'kugwiranso mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene inalemaza sitima ya Ajeremani ku Liuli nkhondo ya 1914 itangoyamba.

Ku Cape Maclear, mnyamata wolondolera alendo anawatengera kumanda a amishoni a ku Scotland amene anafika ndi sitima ya Ilala mu 1875. Malungo anawasautsa, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe. Pa mishoni yawo yoyambayo, yotchedwa Livingstonia, chimene mlendo amapeza lero ndi manda ochepa m'munsi mwa phiri, anyani akudumphadumpha m'miyala. Banjali linamvetsera mwaulemu, koma maso a mayi anali kumitengo. Chimene anadzera chinali china. Tsiku la chithunzi chija, bambowo anatenga mpeni n'kulemba zilembo zoyamba za maina awo pa khungwa la mlambe.

Anaupeza mtengowo, kapena wofanana nawo, n'kuuzungulira kawiri. Mayi ankasisita khungwa ndi chikhatho, kufunafuna pamlingo wa phewa la mwamuna wawo. “Bambo a ana, si apa kodi?” Panali chipsera chotupa, chokhota, chosawerengeka. Bambowo anavomera msanga kuti ndi pomwepo, mwina pofuna mthunzi ndi mpando.

Mkangano unabuka pamene bambowo anatulutsa kiyi wa galimoto kuti azamitsenso zilembozo. Mnyamata uja anawaletsa, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Malowa ali m'kati mwa paki imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo malamulo oteteza zachilengedwe ndi zinthu zakale salola munthu kusema, kupaka penti kapena kugumula kalikonse. Anati mlendo aliyense atati asiye dzina lake, ana asukulu azidzawerenga za zibwenzi m'malo mwa mbiri.

Mphunzitsi sagonja msanga. Bambowo anafunsa kuti mbiri ndi ya yani. Azungu anakhalapo zaka 6 zokha, maina awo ali pamiyala ndipo amasesedwa. Iwo, mbadwa, ukwati wawo wapirira njala ya 2002, maliro a ana a abale ndi ngongole, koma chizindikiro chawo akuchitcha kuwononga. Anawonjezera kuti mlambe sufa ndi mpeni, popeza makolo ankausenda khungwa popota zingwe, mtengowo n'kuphukanso.

Funso loyambalo ndi lolemera, ndipo likuyenera kufika kwa osamalira malo oterewa. M'mabwinja ambiri mlendo amamva za amene anabwera, osamva za amene ananyamula zidutswa za sitima pamutu polambalala mathithi a Shire, kapena amene anaumba njerwa ndi kukumba mandawo. Malawi wamba akafika saona dzina la agogo ake paliponse, ndiye n'zosadabwitsa kuti dzanja limayabwa. Komabe pa nkhani ya kiyi mnyamatayo ndiye analondola. Aliyense amene waona miyala ya m'mbali mwa misewu yathu italembedwa manambala a foni a asing'anga akudziwa kumene kulekerera kumathera. Pafupi pomwepo pali Mwala wa Mphini, umene mizere yake yonga mphini inajambulidwa ndi chilengedwe. Munthu mmodzi wa chitini cha penti akhoza kuufafaniza masana amodzi.

Anathetsa nkhaniyo ndi mayi, amene analanda kiyi uja n'kumuponya m'chikwama chawo, n'kupatsa mnyamatayo foni kuti awajambule. Anakangananso pang'ono za amene anaima kumanja pa chithunzi chakale chija, ngakhale chinali m'manja mwawo.

Madzulo anatsikira kugombe kukafuna chambo, poti paja ulendo woyamba anadya chachikulu awiri osachimaliza. Asodzi anali akukonza nyali zokaphera usipa usiku, ndipo pa matandala onse panali usipa ndi utaka basi. Chambo chimodzi chimene chinapezeka chinali chaching'ono, mtengo wake wodumpha. Anagula kampango.