MAGANIZO A MUNTHU NDI KAYENDEDWE KA THUPI LACE

Aliyense amene anaolokapo mtsinje pa ulalo wa mtengo umodzi adziwa kuti munthu akayamba kuganizira mapazi ace, miyendo imauma ndipo amayamba kudzandira. Koma akaika mtima pa tsidya limene alikupita, kawiri-kawiri amaoloka bwino. Mai wosenza mtsuko saganiza za khosi lace, koma madzi satayika. Kodi zimenezi zicitika cifukwa ciani? Mwezi uno tifuna kufotokozera awerengi athu, makamaka aphunzitsi, zimene akatswiri apeza pa nkhaniyi.

Mmene thupi limayendera

Thupi la munthu liri ndi minofu yoposa 600. Mnofu sungacite kanthu pa wokha, umadikira mau ocokera ku ubongo. Mauwo amatsika m'cingwe ca mitsempha cimene ciri m'kati mwa mafupa a msana, nafika ku mkono kapena ku mwendo, monga momwe mau amayendera pa waya wa lamya. M'mitsempha ina mauwo amathamanga mamita oposa 100 pa sekondi imodzi. Tsono thupi nalo limayankha. M'minofu, m'mfundo za mafupa, pakhungu ndi m'kati mwa khutu mumacokera mau ouza ubongo pamene pali dzanja, ndiponso mbali imene thupi lapendekera.

Mnofu umatha kukoka kokha, sukankha ai. Cifukwa cace minofu imagwira nchito iwiri-iwiri. Popinda mkono, mnofu wa kutsogolo umakoka ndipo wa kumbuyo uyenera kumasuka. Yonse iwiri ikakoka mwamphamvu nthawi imodzi, mkono umauma ndipo munthu amatopa msanga.

Nchito yolinganiza zonsezi imacitika ife osadziwa. Kunkhongo kuli cigawo ca ubongo cimene madokotala amaciti cerebellum. Cigawoci cimayerekeza cimene munthu anafuna kucita ndi cimene thupi lirikucita, nicikonza colakwa mwamsanga, munthu asanaganize n'komwe. Munthu akabwereza nchito kambiri, monga kusinja, kupalasa njinga kapena kulemba, zigawo zotere za ubongo zimaizolowera, ndipo nchitoyo imangoyenda yokha.

Maganizo akalowerera

Taganizani za kapitao amene waimirira pambali pa mmisiri wodziwa, namuuza mmene agwirire hamala pa msomali uli wonse. Mmisiriyo adzacedwa, ndipo mwina adzadzimenya cala. Maganizo athu amatha kucita cimodzi-modzi ndi thupi, pakuti kuganiza kumacedwa kuposa kukonza kumene ubongo umacita pa wokha.

M'caka ca 1998, katswiri wa ku Germany, Gabriele Wulf, pamodzi ndi anzace, anaimika anthu pa thabwa lopendekera uku ndi uku. Gulu loyamba analiuza kuti liganizire mapazi ace, akhale molingana. Gulu laciwiri analiuza kuti liganizire zizindikiro zimene zinali pa thabwalo, zikhale molingana. Kusiyana kwa malangizo kunali kwa mau ocepa okha. Koma atawayesanso tsiku lina popanda malangizo, a gulu laciwiri ndiwo anaima bwino koposa.

Mu 2001 anayesanso, koma nthawi iyi anthu a pa thabwa anauzidwa kuti akamva kulira kwa cizindikiro adinize batani msanga. Oganizira thabwa anayankha msanga kuposa oganizira mapazi. Ici cinasonyeza kuti maganizo ao sanali otanganidwa kwambiri, pakuti mbali yaikulu ya nchito anali ataisiyira thupi.

Pali makina amene amayesa mphamvu ya magetsi yocepa imene imaoneka mnofu ukamagwira nchito. Mu 2004 akatswiri anaika makinawa pa mikono ya anthu onyamula citsulo. Pamene anthuwo anaganizira citsulo, minofu inagwira nchito yocepa kuposa pamene anaganizira mikono yao, cikhalireco katundu anali yemweyo. Mu 2005 anapeza zofanana mwa oponya mpira wa basketball: poganizira mkombero woponyamo anagoletsa kambiri kuposa poganizira dzanja, ndipo minofu ya mkono sinakoke kwambiri.

Si lamulo la nthawi zonse

Tisafulumire kunena kuti kuganizira thupi ndi kolakwa nthawi zonse. Mu 2002, Sian Beilock wa ku America ndi anzace anayesa anthu oyendetsa mpira wa miyendo. Odziwa mpira anacedwa pamene anauzidwa kusamala phazi limene amamenyera masiku onse. Koma ongoyamba kumene anacita bwino posamala phazi, ndipo odziwa aja naonso anathandizidwa pamene anayendetsa mpira ndi phazi losazolowera. Motero nchito yacilendo imafuna maganizo, koma nchito yozolowera imasokonezeka nao.

Ndiponso mu 2024 akatswiri a ku Canada anawerenganso zoyesa zambiri za nkhaniyi. Iwo anapeza kuti phindu la kuganizira za kunja kwa thupi ndi laling'ono kuposa momwe ambiri ankanenera, cifukwa zoyesa zimene sizinaonetse kusiyana kawiri-kawiri sizinkafalitsidwa. Anaonanso kuti phindulo limasiyana nchito ndi nchito. Tsono mphunzitsi wanzeru ayese njirayi, aone ngati ikuthandiza mwana amene ali patsogolo pace.

Zimene tingacite

1. Pophunzitsa nchito yatsopano, yambani mwaonetsa. Mau akhale ocepa. Mwana amene mwamuuza zinthu zisanu za zala, cigongono ndi phewa nthawi imodzi, sadzagwira ngakhale cimodzi.

2. Mwana akadziwa kagwiridwe koyamba, sinthani mau. M'malo mwa kunena kuti "Ongola dzanja," nenani kuti "Pensulo itsate mzere." Pa bwalo la masewera, m'malo mwa "Pinda maondo," nenani kuti "Kankha nthaka," kapena "Ulumphe udutse cingweco."

3. Wowaza nkhuni aike maso ndi mtima pamene nkhwangwa iyenera kugwera. Wophunzira njinga ayang'ane njira kutsogolo, asayang'ane mapazi ace.

4. Musakalipire mwana pamaso pa anzace pamene alikuyesa. Mantha amabweza maganizo a munthu pa thupi lace, minofu nkuuma, ndipo colakwa cimakula. Ndico cifukwa cace mnyamata womenya bwino mpira masiku onse amaphonya pa tsiku la mpikisano.

5. Pothandiza nkhalamba kapena wodwala amene alikuphunziranso kuyenda, mungamuuze cinthu coti afikepo, monga mpando kapena citseko, kapena kutenga kapu pa tebulo. Koma tsatani malangizo a ku cipatala, ndipo mukhale pafupi kuti asagwe.

Cenjezo

Kuuma kwa thupi kobwera ndi mantha kumatha munthu akakhazika mtima pansi. Koma ngati mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena pakamwa papotoka, kapena munthu alephera kulankhula bwino, limenelo si bvuto la maganizo ai. Angakhale matenda a sitiroko, ndipo munthuyo apite naye ku cipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuce.

Aphunzitsi amene alandira nyuzi ino awerengere makolo pa msonkhano wa sukulu, ndipo ayese malangizowa pa phunziro la kulemba ndi la masewera.